Amishonale achinyamata m'matauni a migodi ku Midlands

Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene anthu ambiri amautchula kuti wa Mormoni chifukwa cha buku limene umawerenga pamodzi ndi Baibulo, unakhazikitsidwa ndi Joseph Smith pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York ku America, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City m'chigawo cha Utah. Atsogoleri ake anapempha mu 2018 kuti dzina lachidulelo lisiyidwe, komabe m'misewu ya Gweru ndi Kwekwe, monganso ku Blantyre ndi ku Lusaka, anthu amauzindikira mpingowu poona achinyamata oyenda awiriawiri, anyamatawo atavala malaya oyera ndi tayi ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo, aliyense ali ndi kachikwangwani kakuda pachifuwa kolembedwa dzina la bambo ake pambuyo pa mawu oti Elder kapena Sister. Elder ndi udindo wa unsembe umene mnyamata amadzozedwa nawo asananyamuke, pamene Sister ndi dzina laulemu la mtsikana amene ali pa utumikiwo.

Mnyamata amaloledwa kupita akakwanitsa zaka 18, malinga ndi chilengezo cha Thomas S. Monson, amene anali pulezidenti wa mpingowu mu Okutobala 2012, ndipo amatumikira miyezi 24, pamene mtsikana amatumikira miyezi 18. Dziko lopitako sasankha yekha, chifukwa akafunsidwa mafunso ndi bishopu, amene mu mpingowu ndi mtsogoleri wosalipidwa wa mpingo wa pamalo, ndiponso akapimidwa kuchipatala, amadikira kalata yochokera ku Salt Lake City yomuuza kumene akagwire ntchito. Salandira malipiro. Mabanja a ku America amapereka ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ndalamazo zimalowa m'thumba limodzi limene limathandizanso achinyamata a m'maiko osauka, amene amapereka zimene angathe. Asanafike kumalo a ntchito amakhala masabata owerengeka pa sukulu yophunzitsa amishonale, monga ya ku Accra ku Ghana kapena ya ku Provo ku Utah.

Mbiri ya mpingowu ku Zimbabwe ili ndi chilonda chimene mmishonale aliyense ayenera kuchidziwa. Amishonale anatumizidwa ku Salisbury ndi ku Bulawayo mu 1950, koma kufikira mu Juni 1978, pamene Spencer W. Kimball ndi anzake analengeza kuti unsembe watsegulidwa kwa amuna a mitundu yonse, munthu wakuda sankaloledwa kukhala wansembe kapena kulandira miyambo ya m'kachisi, motero nthambi zoyambirira zinali za azungu. Edward Dube, amene anabadwira ku Chirumanzu m'chigawo cha Midlands momwemu mu 1962, analandira Buku la Mormoni kwa bwana amene ankamugwirira ntchito, ndipo atalowa koyamba m'chipembedzo cha nthambi ya Kwekwe mu 1984 anadziona ngati wantchito pakati pa mabwana. Anabatizidwa chaka chomwecho, anatumikira monga mmishonale kuyambira 1986 mpaka 1988, anakhala mtsogoleri wa siteki yoyamba ya m'dzikomo, imene inakhazikitsidwa ku Harare mu Disembala 1999, ndipo mu Epulo 2013 anasankhidwa kukhala mmodzi wa akuluakulu oyang'anira mpingowu pa dziko lonse. Siteki ndi gulu la mipingo ingapo yoyandikana, yokhwima kotero kuti imadziyendetsa yokha, ndipo lero ku Gweru nakonso kuli siteki. Mishoni ya Harare inayamba mu 1987 ndipo kwa zaka zambiri inkayang'aniranso Malawi ndi Zambia, kufikira pamene ya Lusaka inatsegulidwa mu 2011. Ya Bulawayo inatsatira mu 2018.

Chigawo chimene achinyamatawa amafikamo chinamangidwa pa miyala ya pansi pa nthaka, chifukwa mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dyke, wotalika makilomita oposa 500, umadutsa pakati pake. Kwekwe anakula mozungulira mgodi wa golide wa Globe and Phoenix, Redcliff ankadalira fakitale ya chitsulo ya ZISCO imene inaima mu 2008, Zvishavane ankakhalira mgodi wa asibesitosi wa Shabanie umene unafooka m'zaka zomwezo, ndipo ngakhale migodi ya platinamu ya Unki pafupi ndi Shurugwi ndi Mimosa pafupi ndi Zvishavane ikugwira ntchito, siingathe kulemba onse amene anatsala opanda chochita. Ambiri alowa m'gulu la makorokoza, kutanthauza anthu okumba golide paokha ndi zipangizo zamanja, ndipo kuopsa kwa ntchitoyo kunaonekera mu Malichi 2023, pamene pansi pa kalasi ya sukulu ya pulayimale ya Globe and Phoenix panatitimira ana ali momwemo, chifukwa nthaka inali itakumbidwa kunsi kwake.

Tsiku la mmishonale linakonzedwa kale asanafike. Mwa chizolowezi amadzuka 6:30 m'mawa, amapemphera, amachita masewera olimbitsa thupi, amawerenga malemba payekha kenaka ndi mnzake, amaphunzira chilankhulo cha kumaloko ndi kukonza ndondomeko ya maulendo, ndipo amatuluka cha m'ma 10 koloko kukabwerako madzulo, n'kugona pofika 10:30 usiku. Kuyambira mu 2017 mtsogoleri wa mishoni ali ndi ufulu wosintha nthawizi molingana ndi dera, zimene n'zofunika m'makomboni monga Mkoba ku Gweru kapena Mbizo ndi Amaveni ku Kwekwe, kumene kuyenda usiku magetsi atazima si chinthu chanzeru. Zophunzitsa zimachokera m'buku lotchedwa Preach My Gospel, limene linatuluka mu 2004 ndi kukonzedwanso mu 2023. Kuonera kanema wachisangalalo, kusambira ndi kukhala pa chibwenzi n'zoletsedwa kwa nthawi yonse ya utumiki.

Lamulo lovuta koposa onse ndi lakuti mmishonale asasiyane ndi mnzake, moti nthawi zonse azikhala pamene angathe kuonana ndi kumvana, kupatula posamba ndi popita kuchimbudzi. Mnzakeyo sasankha yekha, ndipo pakapita masabata asanu ndi limodzi mtsogoleri wa mishoni angathe kumusamutsa kapena kumubweretsera wina. Motero mnyamata wa ku Ndirande angapezeke m'chipinda chimodzi ndi mnzake wa ku Idaho, wa ku Uganda kapena wa ku Philippines, wina atakulira m'nyumba imene madzi otentha amatuluka pampopi, winayo atazolowera kutunga madzi m'mamawa, ndipo onsewo alandira ndalama zofanana za chakudya. Kusiyana kumaonekera pa zinthu zazing'ono, monga kathiridwe ka mchere m'ndiwo, kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zotsala, ndi maphukusi amene wina amalandira kuchokera kwawo pamene mnzake salandira kanthu. Cholinga cha lamuloli ndi chitetezo ndi kusunga khalidwe, koma phindu lake lalikulu, limene silitchulidwa kawirikawiri, n'lakuti wachinyamata amaphunzira kupepesa ndi kukhululuka kwa munthu amene sangamuthawe. Kulemera kwake sikuyenera kubisidwa, popeza alipo amene amadwala maganizo chifukwa chosowa mpata wokhala okha, ndipo ena amabwerera kwawo nthawi isanakwane, zimene mabanja ndi mipingo ayenera kuzilandira mopanda kunyoza.

Za m'nyumba amadzichitira okha. Tsiku limodzi pa sabata, kawirikawiri Lolemba, limapatulidwa kuti achape, asite malaya, agule ufa ndi ndiwo ndiponso alankhule ndi abale, ndipo m'matauni amene madzi amatuluka mwa apo ndi apo ndi magetsi amazima maola ambiri, ntchito ya tsikuli imayamba ndi kudzaza zigubu. Amayenda pansi kapena pa makombi, amene ndi maminibasi a kumeneko, ndipo amagula zinthu ndi madola a ku America pamodzi ndi ndalama ya ZiG imene inayamba mu Epulo 2024. Wochokera ku Malawi kapena ku Zambia savutika ndi chakudya, chifukwa sadza ndi nsima yomweyi ndipo matemba ndi masamba amawadziwa, koma wa kutsidya kwa nyanja amayenera kuphunzira kusamba m'manja, kutema mbamu ndi kulandira chimene banja losauka lamupatsa popanda kuonetsa nkhope yokana. Kufikira mu Febuluwale 2019 amishonale ankaimbira foni makolo awo kawiri kokha pachaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala, koma tsopano amaloledwa kulankhula nawo sabata iliyonse.

Zitseko zimene amagogoda m'matauniwa zambiri n'za zidzukulu za anthu amene nawonso anabwera ngati alendo. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 amuna a ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete ankatsikira ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ena wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kuti akapeze ndalama ya msonkho, ndipo amene sanabwerere anatchedwa machona. Iwowa anabwera ndi zipembedzo zawo: mpingo wa CCAP, umene Sinodi yake ya Harare inayambira pakati pa anthu ochokera ku Nyasaland, Chisilamu cha Ayao, chiphunzitso cha Wachitawala chimene chinafala m'makomboni a migodi, ndiponso gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Anakhazikitsanso mabungwe othandizana pa maliro, popeza munthu wopanda mudzi amaopa koposa kuikidwa ngati wopanda abale. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ambiri mwa ana awo alendo m'dziko limene anabadwiramo, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, n'kuikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Mmishonale wosadziwa mbiri imeneyi amalowa m'nyumba zotere ali wakhungu. Amaganiza kuti akubweretsa Mulungu kumene kunalibe, pamene agogo amene akumulandira akhala akuimba nyimbo za mapemphero m'Chichewa kuyambira ali mwana, ndipo amadabwa pamene bambo wa Chiyao amupatsa mpando ndi madzi mwaulemu wonse koma osasintha maganizo ake ngakhale pang'ono. Kusiyana kwa mlendo uyu ndi alendo akalewo n'kwakukulu, popeza iye akudziwa tsiku limene adzakwere ndege kubwerera kwawo, pamene iwo anakalambira pa mgodi, mgodiwo n'kutsekedwa, ndipo analibe munda kumudzi wothawirako monga anzawo a Chishona ndi Chindebele. Mnyamata wa ku Malawi kapena wa ku Chipata ali ndi mwayi umene anzake alibe, chifukwa akapereka moni m'Chichewa kwa nkhalamba ya ku Torwood ku Redcliff kapena ku Amaveni amafunsidwa za boma ndi mfumu ya kwawo, ndipo kucheza kotero, ngakhale kusathere pa ubatizo, n'kwa mtengo wapatali kwa munthu amene wakhala zaka zambiri osaona kwawo kwa makolo ake.

Chiphunzitso chenichenicho chimakumana ndi moyo wa pa mgodi m'njira zolimba. Lamulo la zaumoyo la mpingowu, lotchedwa Mawu a Nzeru, la mu 1833, limaletsa mowa, fodya, tiyi ndi khofi, ndipo m'tauni imene holo ya mowa inali malo aakulu ochezera a ogwira ntchito, ndiponso tiyi ndi buledi ndizo chakudya cha m'mawa, kusiya zimenezi kumasintha ngakhale mabwenzi a munthu. Chakhumi chimafunsidwa kwa munthu amene mwezi uno wapeza golide ndipo mwezi wamawa alibe kanthu. Mwamuna ndi mkazi okhalira pamodzi ayenera kumanga ukwati wovomerezeka asanabatizidwe, zimene zimachedwa pamene malowolo sanathe kuperekedwa, ndipo wa mitala sabatizidwa, popeza mpingowu unasiya mitala mwa chilengezo cha 1890. Wogwira ntchito yosinthana usana ndi usiku sapezeka Lamulungu lililonse, ndipo wokumba golide angachoke masabata angapo osatsanzika, maphunziro n'kuima panjira.

Pamenepa ndi pamene pali ngozi imene atsogoleri ayenera kuiyang'anitsitsa. Amishonale amapereka malipoti a sabata ndi sabata a anthu amene aphunzitsidwa, amene afika kutchalitchi ndi amene abatizidwa, ndipo wachinyamata wofuna kukondweretsa akuluakulu angathe kufulumizitsa munthu amene wabwera chifukwa cha njala kapena chiyembekezo cha ntchito, n'kumusiya m'manja mwa mpingo wa pamalo iye atasamutsidwa. Ubatizo wotere umakweza chiwerengero koma sukhalitsa, ndipo amene amasenza katunduyo ndi mabishopu ndi amayi a bungwe lachifundo a kumaloko, amene alibe ulendo wobwerera kwina kulikonse. Kachisi wa ku Harare, amene analengezedwa mu Epulo 2016 ndipo Edward Dube anatsogolera mwambo woyamba kumanga kwake pa 12 Disembala 2020, akusonyeza kuti mpingowu ukufuna kukhazikika m'dzikomo, ndipo kukhazikika kumeneko kudzadalira mabanja a ku Mkoba ndi ku Mbizo koposa alendo a miyezi 24.

Chifukwa cha zimenezi, amene amakonzekeretsa achinyamata opita ku Midlands, kaya ndi makolo ku Lilongwe, aphunzitsi a ku Accra kapena mtsogoleri wa mishoni, awaphunzitse mbiri ya anthu a m'makomboni a migodi pamodzi ndi malemba, awaphunzitse moni wa Chichewa pambali pa wa Chishona ndi Chindebele, ndiponso awauze kuti akapeza maliro pa khomo limene anapangana kukaphunzitsa, atseke mabuku awo ndi kukhala pansi pamodzi ndi olira.