Madokotala amene odwala awo safika okha kuchipatala

Njovu ikalasidwa ndi jakisoni wogonetsa kuchokera mu helikopita, pamadutsa mphindi zochepa isanagwe. Ikagwa, dokotala amathamanga. Ngati yagwera pachifuwa, anthu amaikankha kuti igone chammbali, chifukwa thupi lake lolemeralo limaitsekera mpweya. Kumapeto kwa chitamba amaikako kamtengo kuti chisatsekeke, khutu amalipinda kuti liphimbe diso, ndipo wina amayamba kuwerenga kapumidwe kake.

Ntchito yotereyi inachitika kambirimbiri mu 2016 ndi 2017, pamene bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire linasamutsa njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, zambiri mwa izo kupita ku Nkhotakota. Mu 2022 njovu zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Njovu iliyonse inafunika munthu wodziwa kuyeza mankhwala pongoiona kukula kwake ali m'mwamba, popanda sikelo.

Munthu wotere samayambira pa njovu. Amayambira pa ng'ombe, mbuzi, galu ndi nkhuku, monga wa vetenale wina aliyense. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna udokotala wa ziweto ankayenera kukaphunzira kunja, monga ku Zambia kapena ku Tanzania. Zinthu zinasintha pamene sukulu ya ukachenjede ya LUANAR inatsegula maphunzirowa, ndipo gulu loyamba linamaliza mu 2019. Koma digiri ya ziweto ndi poyambira chabe. Ng'ombe imalola kuigwira ndi kuipima. Mkango sulola, ndipo nyama yakutchire imabisa matenda mpaka itafookeratu, poti kutchire yooneka yodwala ndiyo imayamba kudyedwa.

N'chifukwa chake phunziro lalikulu la madokotalawa ndi logonetsa nyama. Mankhwala otchuka pa njovu ndi chipembere ndi etorphine, amene mphamvu yake imaposa ya morphine maulendo oposa 1,000. Kadontho kake kakhoza kupha munthu, motero dokotala sayamba kudzaza jakisoni ngati pambali pake palibe mankhwala othetsa mphamvuyo ndiponso mnzake wodziwa kumubaya. Ambiri a m'chigawo chino amakaphunzira lusoli ku Malilangwe, ku Zimbabwe, kumene kumachitika maphunziro ogwira nyama zakutchire, kapena ku Onderstepoort, sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Pretoria. Kumeneko amaphunziranso kuti mbawala yothamangitsidwa kwambiri ikhoza kufa patapita masiku angapo, minofu itaonongeka ndi mantha komanso kutopa, ngakhale jakisoni analasa bwinobwino.

Kuno kwathu, malo amene wophunzira angakhudze nyama yakutchire ndi manja ake ndi Lilongwe Wildlife Centre. Kumabwera anyani ndi apusi olandidwa kwa anthu amene amawaweta pachingwe, mbalame zothyoka mapiko, ndi agwape amasiye. Bungwe la Lilongwe Wildlife Trust lilinso ndi gulu lothamangira ngozi, lomwe limapita m'nkhalango kukachotsa waya wa msampha pamwendo kapena pachitamba cha njovu.

Wodwala wovuta kwambiri mwina ndi ngaka. Imafika itasungidwa masiku m'thumba la ogulitsa mozemba, yopanda madzi m'thupi, nthawi zina ili ndi mabala. Ikachita mantha imadzipinda n'kukhala ngati mpira, moti kuti aipime amayenera kuigonetsa. Chakudya cha m'mbale siichifuna. Osamalira amapita nayo kutchire, n'kumaitsatira kwa maola ikudzifunira nyerere ndi chiswe. Mabuku a sukulu sanena zambiri za nyamayi, ndipo zochuluka zimene madokotala akudziwa lero aziphunzira pothandiza ngaka imodzi imodzi.

Chitsanzo chimene achinyamata ambiri a mu Africa amayang'ana ndi Dr Gladys Kalema-Zikusoka wa ku Uganda. Anaphunzira ku Royal Veterinary College ku London, ndipo atabwerera kwawo anakhala dokotala woyamba wa bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire. Mu 1996 anyani akuluakulu otchedwa gorilla a m'nkhalango ya Bwindi anagwidwa ndi mphere, ndipo kamwana kamodzi kanafa. Kafukufuku anasonyeza kuti mpherezo ziyenera kuti zinachokera kwa anthu a m'midzi yozungulira. Mayiyu anakapitiriza maphunziro a nyama za m'zoo ku North Carolina, ku America, kenako mu 2003 anayambitsa bungwe la Conservation Through Public Health, limene limateteza gorilla posamalira umoyo wa anthu ndi ziweto zawo.

Nkhani ya mayiyu si yachilendo kwa anthu a ku Machinga ndi Balaka. Mu 2018 matenda a anthrax anapha mvuu mumtsinje wa Shire ku Liwonde, ndipo anthu anachenjezedwa kuti asadye nyama yofa yokha. Chiwewe cha galu wapamudzi chimatha kulowa m'nkhalango, ndipo matenda a njati amatha kufika m'khola la ng'ombe. Dokotala wodziwa mbali zonse ziwiri, amenenso angakhale pansi ndi a mfumu n'kufotokoza m'chinenero chawo chifukwa chake mvuu yakufayo iyenera kuotchedwa kapena kukwiriridwa, ndi wofunika kwambiri kuno.

Chodetsa nkhawa n'chakuti mipando ya ntchitoyi ndi yochepa, ndipo maphunziro owonjezera, mfuti ya jakisoni ndi mankhwala zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Komabe odwala akuchuluka: mikango inabwerera ku Liwonde mu 2018, ndipo zipembere 17 zinafika kuchokera ku South Africa mu 2019. Boma ndi mabungwe oyendetsa nkhalango akuyenera kulemba ntchito achinyamata otuluka ku LUANAR ndi kuwalipirira maphunziro a ku Malilangwe ndi ku Onderstepoort.