KAGALU KA BULLDOG KAKAYAMBA KUUWA NDI KULILIMA

GALU wa mtundu wa Bulldog adziwika ndi mutu wace waukulu, nkhope ya makwinya ndi mphuno yaifupi yolowa m'kati. Kwao kwa galuyu ndi ku England, kumene kale anthu anali kumulimbanitsa ndi ng'ombe yamphongo yomangidwa pa cikhomo. Masewera ankhanzawa analetsedwa ndi lamulo m'caka ca 1835, ndipo kuyambira pamenepo oweta anayamba kusankha agalu ofatsa okha kuti ndiwo abereke. Lero Bulldog ndi galu wokonda anthu, ngakhale nkhope yace iopsa.

Komabe kagalu ka miyezi 2 kapena 3 kakayamba kuuwa ndi kulilima m'khosi, eni ace ambiri acita mantha nathamangira kutenga mkwapulo. Apa ndipo palakwika zinthu. Kagalu kameneka kakakula kadzalemera makilogalamu 23 kufikira 25, ndipo khalidwe limene kaphunzira pa ubwana ndilo kadzakhala nalo pakati pa ana a pakhomo.

Coyamba, mwini galu ayenera kusiyanitsa maliridwe. Cifukwa ca mphuno yace yaifupi, Bulldog aliza mkonono ndi kufwenthera ngakhale ali pa mtendere. Kumeneku si kukalipa ai. Ndiponso kagalu kamene kalilima kali kudumphadumpha, miyendo yakutsogolo itagona pansi, thupi lili lofewa, kali kusewera cabe. Koma kakauma thupi, kuyang'anitsitsa ndi kuonetsa mano, ndiye kuti kali kucenjeza kuti kaopa kapena kali kuchinjiriza cinthu cace.

Kulilima kotereku kuli ngati odi wa mlendo. Galu womenyedwa cifukwa colilima aphunzira kusiya kucenjeza, koma mantha ace sacoka. Tsiku lina angoluma mwana popanda cizindikilo ciliconse. Cofunika ndi kupatuka pang'ono, kuona cimene cakaopsa, ndi kukazoloweza cinthuco pang'onopang'ono.

Kawirikawiri mkangano ubuka pa mbale ya cakudya. Ana aletsedwe kuseweretsa galu pamene ali kudya kapena kugona. Munthu wamkulu podutsa pafupi ndi mbaleyo aziponyamo kanyama kapena kapenta, kuti kagalu kadziwe kuti dzanja la munthu lidza kudzaonjeza, osati kudzalanda. Kakatola nsapato, mwini akapatse kanthu kena kokoma kuti kataye kokha, m'malo mokatsegula kukamwa ndi mphamvu.

Kuuwa nako kuli ndi zifukwa zace: njala, ludzu, kusungulumwa, mantha kapena kufuna kusewera. Munthu akakalipira kagalu kouwa, iko kayesa kuti mbuye wace ali kuuwa nako pamodzi, ndipo kaonjeza phokoso. Ngati kadya, kamwa ndipo kauwa cabe kuti anthu akayang'ane, mwini afulatire. Kakangokhala cete, nthawi yomweyo anene mau amodzi, monga akuti "Cete," nakapatse mphotho. Maphunziro a mphindi 5, kawiri kapena katatu pa tsiku, akwanira, malinga onse a pabanja agwiritse nchito mau omwewo.

Kagalu kasacotsedwe kwa amace kasanakwanitse milungu 8, pakuti posewera ndi abale ace ndipo kaphunzira kuti kuluma kupweteka. Kufikira milungu 12 kapena 14 mtima wace ulandira zacilendo mosavuta. Iyi ndiyo nthawi yokaonetsa mwaulemu alendo, njinga, nkhuku ndi mbuzi. Pa miyezi 4 mpaka 6 mano 28 a ubwana aguluka ndipo amera mano 42 a ukulu. Nkhama ziwawa, cotero kafuna cingwe cokhuthala kapena cina cotafuna.

Bulldog sapirira kutentha, cifukwa sapuma bwino monga agalu a mphuno zazitali. M'mwezi wa Okutobala afuna mthunzi ndi madzi tsiku lonse, ndipo kumumanga padzuwa kungathe kumupha. Galu womangidwa pa unyolo usana ndi usiku ndiye auwa kopambana.

Kagalu kofatsa kakasanduka kaukali mwadzidzidzi, mwina kali kumva kuwawa kapena kadwala. Kakamaluma ciliconse, kucuca dovu ndi kulephera kumeza, ciwewe ciyenera kuganiziridwa. Katsekeredwe pakokha ndipo alangizi a ziweto auzidwe msanga. Munthu wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti ciwewe cikaoneka m'thupi sicicizika. Katemera wa galu ayamba pa miyezi 3.

Malangizowa athandizanso pa tiagalu ta m'midzi tosakira nyama ndi kulonda nkhokwe. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Galu woleredwa moleza mtima auwa pamene mbala yafika ku khola, nakhala cete pamene mwana wa mnansi adza kudzapala moto.