KANEMA WA SITIMA AMENE ANANYOZEDWA, LERO AYAMIKIDWA

KABWE: Tauni ya Kabwe idziwika ndi njanji, pakuti ndi kumene kuli likulu la Zambia Railways. Koma ndi owerengeka okha amene adziwa kuti kuli kanema wakale wa sitima ya pamtunda amene muzu wace uli m'dziko lino.

Kanemayu achedwa Dark of the Sun, ndipo anaturuka m'caka ca 1968. Nkhani yace inatengedwa m'buku la a Wilbur Smith, amene anabadwira m'dziko lino mu 1933. Mbiri zambiri za moyo wao zichula Broken Hill, ndiyo Kabwe ya lero, monga kwao kobadwira.

M'kanemamo asilikali a ganyu akwera sitima ya malasha ndi kulowa pakati pa nkhondo ya ku Congo, kukapulumutsa anthu ndi kukatenga miyala ya dayamondi. Pakati pao pali sajeni wa ku Congo dzina lace Ruffo, munthu wofatsa ndi wanzeru koposa anzace onse. Amene anasewera monga Ruffo ndi a Jim Brown a ku Amereka.

Poyamba olemba nyuzi ambiri ananyoza kanemayu, nati nkhanza zinacuruka. Apo sananame, ndipo makolo adziwe kuti si wa ana. Koma patapita zaka, akatswiri opanga akanema monga a Martin Scorsese ndi a Quentin Tarantino anamuyamikira poyera. A Tarantino anafika pa kutenga nyimbo zace ndi kuziika m'kanema wao wa mu 2009.

Cobvuta cina ndi moyo wa a Brown eni ace. Bamboyu, amene anamwalira mu 2023, anagwidwa kangapo pa milandu ya ndeu. Mu 1999 bwalo linawapeza olakwa pophwanya galimoto ya akazi ao, ndipo mu 2002 analowa m'ndende. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi tsono kanemayu atayidwe cifukwa ca zimenezi? Anthu a ku Kabwe adziwa bwino kuti sitima siyenda ndi munthu mmodzi. Pali woyendetsa, pali okonza njanji, pali oyang'anira zizindikiro. Mmodzi akalakwa kunyumba kwace, mlandu upita kubwalo, koma aulendo saleka kukwera sitima. Ndi mmenenso aliri kanema: ndi thukuta la anthu ambiri, olemba, ojambula, oyimba ndi osewera.

Kuonera Ruffo sikukhululukira a Brown, ndipo kumenya kapena kuopsa mkazi ndi mlandu ngakhale wocitayo akhale wochuka motani. Amene mtima wao ukana kuonera asakakamizidwe. Koma mabanja amene aonera akanema pa wailesi ya kanema kapena pa foni angacite bwino kuweruza nchito pa yokha, ndi munthu pa yekha, ndi kuphunzitsa ana ao kusiyanitsa ziwirizi.