Chifu chikasanduka mmero: mmene madokotala amabwezeretsera njira ya chakudya akachotsa khansa

Mu March 1913, pa chipatala china mumzinda wa New York, dokotala Franz Torek anachita zomwe anzake ambiri ankati n'zosatheka. Anang'amba chifuwa cha mayi wa zaka 67 n'kuchotsa gawo lalikulu la mmero wake lomwe linali ndi khansa, ndipo mayiyo anatsitsimuka bwinobwino. Vuto lomwe linatsala linali lakuti chakudya chizidzera kuti. Torek anatulutsira kunja nsonga ya mmero yomwe inatsala kumtunda, anaboola pamimba mpaka kufika m'chifu, kenako analumikiza malo awiriwa ndi chubu cha labala chodutsa panja pa thupi. Mayiyo ankatafuna, kumeza, chakudya n'kutsikira m'chubumo. Anakhala ndi moyo zaka zina pafupifupi 13.

Kuchokera nthawi imeneyo, madokotala anadziwa kuti kuchotsa chotupa ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kumanga njira yatsopano mkati mwa thupi kuti munthu adyenso ndi pakamwa pake. Nkhaniyi si yakutali, chifukwa bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, limaika Malawi m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero yafala kwambiri pa dziko lonse. Chigawo chomwe matendawa avuta chikuyambira ku Ethiopia, kudzera ku Kenya, Tanzania, Malawi, Zambia ndi Mozambique mpaka ku Eastern Cape ku South Africa.

Chiwalo chovuta kuchifikira

Mmero wa munthu wamkulu ndi wautali pafupifupi masentimita 25. Umayambira pakhosi n'kutsika kuseri kwa njira ya mpweya ndi mtima, kutsogolo kwa fupa la msana, moyandikana ndi mtsempha waukulu wa magazi. Ukadutsa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umalowa m'chifu. Dokotala wofuna kuuchotsa amagwira ntchito pakati pa ziwalo zomwe kungolakwitsa pang'ono munthu wapita.

Sadula pomwe pali chotupa pokha. Khansayi imayenda mobisala m'kati mwa khoma la mmero, kukwera ndi kutsika, ndiponso imathawira mwa anabere ozungulira. N'chifukwa chake gawo lalikulu la mmero limachoka pamodzi ndi anabere aja komanso kachigawo ka kumtunda kwa chifu. Mpata womwe umatsala ndi waukulu moti nsonga ziwirizo sizingakokedwe kuti zikumane.

Chifu chimakwera pachifuwa

Chiwalo chomwe madokotala amadalira kwambiri kutseka mpatawu ndi chifu cha wodwala yemweyo. Amayamba ndi kuchimasula ku zonse zomwe zachigwira m'mimba, akumanga ndi kudula mitsempha yambiri yomwe imachipatsa magazi. Koma pali mtsempha umodzi, wochokera kudzanja lamanja n'kutsata m'mphepete mwa chifu cha kumunsi, womwe amausamala kotheratu. Moyo wa njira yatsopanoyo umadalira mtsempha umenewu.

Kenako amatenga chida chomwe chimadula ndi kusoka nthawi imodzi, pogwiritsa ntchito timawaya ting'onoting'ono tachitsulo. Chidacho chimayenda pang'onopang'ono m'litali mwa chifu, ndipo thumba lija limasanduka chinthu chachitali, chopapatiza ngati mkono wa malaya, chotambalala masentimita 4 kapena 5. Dokotala amachiyang'anitsitsa mtundu wake. Chikakhala chofiirira, magazi akuyenda. Nsonga ikayamba kuda, imeneyo amaidula. Akakhutira, amachikokera m'mwamba kudzera momwe munali mmero wakale, kuseri kwa mtima, n'kuchisokerera ku chitsa cha mmero chomwe chatsala.

Msoko umenewu ndiwo umasowetsa madokotala tulo. Nsonga ya chifu yomwe yafika kumtunda ndiyo ili kutali kwambiri ndi gwero la magazi, pomwe ndiyo ikufunika kupola msanga.

Njira zolowera m'thupi pochita opaleshoniyi zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi dzina la mwini wake. Mu 1946 dokotala wa ku Wales, Ivor Lewis, anafotokoza njira yoyamba ndi kutsegula pamimba, kenako chifuwa cha kudzanja lamanja, msoko n'kukhala mkati mwa chifuwa. Mu 1976 Kenneth McKeown, yemwe ankagwira ntchito ku England, anafalitsa njira ya mabala atatu, pachifuwa, pamimba ndi pakhosi, yomwe imathandiza chotupa chikakhala chakumtunda. Patapita zaka ziwiri, Mark Orringer wa pa University of Michigan anatchukitsa njira yosatsegula chifuwa n'komwe: dokotala amamasula mmero polowetsa dzanja kuchokera kumimba ndi kukhosi. Masiku ano zipatala zazikulu zimachita opaleshoniyi kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, ndi kamera, mwinanso ndi roboti. Ngakhale zili choncho, ntchitoyi imatenga maola asanu kapena kuposerapo.

Chifu chikakanika

Nthawi zina chifu sichingagwire ntchitoyi, mwina chifukwa khansa inachikhudza kapena chinachitidwapo kale opaleshoni. Apa madokotala amatembenukira ku matumbo. César Roux wa ku Lausanne anagwiritsa ntchito matumbo aang'ono mu 1907, ndipo mu 1911 Georg Kelling ndi Henri Vulliet, aliyense payekha, anayesa matumbo aakulu. Chidutswa cha matumbo aakulu chimatha kufika mpaka kukhosi chili ndi mitsempha yake, koma pamafunika misoko itatu m'malo mwa umodzi: kumtunda, kumunsi, ndi pobwezeretsa matumbo omwe adulidwa. Chotupa chikakhala pakhosi penipeni, kachidutswa ka matumbo aang'ono kamadulidwa kotheratu n'kusamutsidwira pakhosipo, ndipo timitsempha take timasokedwa ku mitsempha ya m'khosi dokotala akuyang'ana pa maikulosikopu.

Masiku oyamba

Wodwala akatuluka ku fiyeta amayamba wagona m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Kwa masiku angapo sadya ndi pakamwa, ndipo ambiri amalandira chakudya chamadzimadzi kudzera m'kachubu kolowa pamimba mpaka m'matumbo aang'ono. Anamwino amamudzutsa msanga kuti akhale tsonga, apume mozama, atsokomole ndi kuyenda, poti chibayo ndicho chimagwira odwala ambiri pa nthawiyi.

Choopsa china ndi kudontha kwa msoko. Ngakhale m'zipatala zodziwika bwino pa ntchitoyi, zimachitika kwa wodwala mmodzi mwa khumi aliwonse kapena cha pomwepo. Msoko wa pakhosi ukadontha, kawirikawiri amangotsegula bala n'kumalitsuka. Wa m'chifuwa ukadontha, mafinya amasonkhana pafupi ndi mtima ndi mapapo, ndipo moyo umakhala pachiswe. Ena mawu amasasa chifukwa mtsempha woyendetsa mawu wakhudzidwa. Enanso, pakapita miyezi, chipsera cha msoko chimafinya njira, chakudya n'kuyambanso kutsamwa. Apa adokotala amalowetsa chida chotanula, mwina kangapo, ndipo sikuti khansa yabwerera.

Kudya kwatsopano

Munthu amene anazolowera mitanda itatu ya nsima masana ndi madzulo amayenera kuphunziranso kudya. Thumba losungira chakudya lachepa, choncho amadya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, akutafuna mpaka chakudya chifeweretu. Phala la Likuni lothira nsinjiro, mazira, nsomba yochotsa minga, mapeyala ndi nthochi zimathandiza kubwezeretsa thupi, pakuti pafupifupi aliyense amaonda m'miyezi yoyambirira.

Chotsekera chomwe chimaletsa za m'chifu kubwerera kummero chimachoka pa opaleshoni. Wodwala akagona chagada atangodya, chakudya ndi ndulu zimabwerera kukhosi, mwinanso kulowa m'mapapo. Pa chifukwa ichi amalangizidwa kugona mutu ndi chifuwa zili pokwera kwa moyo wake wonse, ndi kudya mgonero kudakali maola awiri kapena atatu asanakagone. Zotsekemera kwambiri, monga tiyi wa shuga wambiri ndi zakumwa za m'mabotolo, zimathamangira m'matumbo n'kuyambitsa chizungulire, thukuta ndi kutsegula m'mimba. Banja lonse liyenera kuzimvetsa izi, makamaka amene amaphika, kuti asamukakamize wodwala kumaliza mbale.

Opaleshoni payokha sikwanira nthawi zonse. Kafukufuku wa ku Netherlands wotchedwa CROSS, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2012, anapeza kuti odwala omwe anayamba alandira chemotherapy ndi radiotherapy asanachitidwe opaleshoni, theka la iwo linapitirira miyezi 49 ali moyo, pomwe mwa omwe anangochitidwa opaleshoni yokha, theka silinapitirire miyezi 24. Omwe anapindula kwambiri ndi a khansa ya mtundu wa squamous, yomwenso ndiyo yofala kum'mawa ndi kummwera kwa Africa.

Ambiri amafika mochedwa

Chomvetsa chisoni n'chakuti ku Malawi ndi ochepa omwe amafika pa mwayi wa opaleshoniyi. Khansa ya kummero siyamba ndi ululu. Tsiku lina nthuli ya nyama imaima pachifuwa, munthu n'kutsitsira ndi madzi. Pakapita masabata nsima nayo imavuta, ndiye amapempha kuti izikhala yofewa. Kenako amatsala ndi phala, pambuyo pake thobwa, mpaka malovu enieniwo amakana kutsika. Pa nthawi yonseyi ena akhala akumwa mankhwala a zilonda za m'mimba, ena apita kwa asing'anga. Akamafika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, chotupa chimakhala chitagwira ziwalo zoyandikana nazo ndipo thupi latha moti silingapirire mpeni.

Kwa oterewa madokotala amaika stent, kachubu ka mawaya olukana komwe kamalowa kudzera pakamwa n'kudzitambasula pomwe pali chotupa. Sikachiza khansa, koma munthu amene samameza kalikonse amathanso kumwa ndi kudya zofewa. Chipatala cha Tenwek ku Bomet, m'dziko la Kenya, chatchuka pa ntchito imeneyi, ndipo magulu osamalira odwala matenda osachizika, monga Tiyanjane ku Queens ndi Ndi Moyo ku Salima, amathandiza kuchepetsa ululu. National Cancer Centre ya ku Lilongwe itatsegulidwa mu 2025, chithandizo cha radiotherapy chomwe odwala ankachitsatira kunja chinayamba kupezeka m'chipatala cha boma. Chomwe chikufunikabe ndi madokotala ambiri odziwa opaleshoni ya pachifuwa, mabedi a odwala mwakayakaya, ndi zida zounikira kummero m'zipatala za m'maboma.

Zina mwa zomwe zimawonjezera chiopsezo n'zodziwika: fodya, mowa makamaka wowawa ngati kachasu, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo, kusasamala mano, ndi zakumwa zotentha kwambiri. Mu 2016 IARC inachenjeza kuti chakumwa chotentha kupitirira madigiri 65 chingathe kuyambitsa khansayi, choncho tiyi ndi phala zizidikira kaye kuti zizizireko.

Ngati inu kapena m'bale wanu mwayamba kumva chakudya chikuima pachifuwa, makamaka thupi likamatsika, musadikire kuti phala nalo likane. Pitani kuchipatala sabata yomweyo, fotokozani momveka kuti mukulephera kumeza, ndipo pemphani kuti akutumizeni kokaunikidwa kummero ndi kamera.