Tikonzekere Ulendo wa Khirisimasi

Disembala akafika, msewu wa M3 wochoka ku Limbe kupita ku Zomba umapanikizika kwambiri. Pa Njuli pano maminibasi, malole onyamula miyala ya kukwale, akabaza ndi oyenda pansi amalimbirana msewu umodzi, mvula nayo ili mkati. Ndikufuna tonse tikafike kumudzi amoyo, choncho tiyeni tikambirane.

Nyamukani m'mawa. Pofika madzulo dalaivala amakhala atatopa ndi maulendo a tsiku lonse, ndipo wanjinga yopanda nyali saoneka mumdima.

Musanakwere, yang'anani matayala. Akakhala operepeseka, galimoto imaterereka pa msewu wonyowa dalaivala akaponda mabuleki. Minibasi ikadzaza, dikirani ina ngakhale kondakitala achonderere bwanji, chifukwa galimoto yolemedwa imachedwa kuima. Dalaivala akamanunkha mowa, tsikani ndipo dziwitsani apolisi apamsewu. Pa njinga yamoto valani chipewa choteteza mutu, ndipo musalole kukwera atatu.

Inu eni galimoto, onetsetsani kuti chiphaso cha COF ndi inshuwalansi sizinathe, mabuleki ndi magetsi akugwira bwino. Chepetsani liwiro pofika pa msika, pomwe ana ndi ogulitsa malonda amawoloka mwadzidzidzi.

Ndalama zambiri sungani mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, m'thumba mutsale zoyendera zokha. Foni ikhale ndi moto, ndipo abale adziwe nthawi yomwe mwanyamuka.

Koposa zonse, musaope kulankhula. Dalaivala akathamanga mopitirira, muuzeni mwaulemu kuti achepetse. Mwalipira, ndipo moyowo ndi wanu.