Wotchi yodula isanagulidwe, iyambe yawerengeka

M'misika ya m'dziko muno, kuphatikizapo wa Liwonde, mumapezeka mawotchi apamkono okhala ndi timawotchi tiwiri kapena titatu m'kati mwake. Mtundu umenewu umatchedwa chronograph. Kuwonjezera pa kusonyeza nthawi, umayeza mphindi zimene ntchito yatenga: batani lam'mwamba limayambitsa ndi kuimitsa muvi, lam'munsi limaubweza poyambira.

Vuto lake n'lakuti mivi ndi manambala zikachuluka, diso limasokonezeka. Muvi wagolide pankhope yagolide umazimirira, makamaka padzuwa loswa mtengo la m'mbali mwa Shire, pamene galasi limathobwa m'maso.

Opanga ena anaiganizira nkhaniyi kalekale. Omega Speedmaster, imene Buzz Aldrin anavala pamwezi mu 1969, ili ndi nkhope yakuda ndi mivi yoyera, choncho munthu amadziwa nthawi akangoponyapo diso.

Wogula ayenera kuiyesa wotchiyo padzuwa ndi pamthunzi, kenako adine mabatani onse awiri. Pamawotchi ambiri achinyengo timivi ting'onoting'onoto n'tongokongoletsa, sitiyenda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.