Mfuti ya Malemu Atate: Kodi Ingatumizidwe pa Positi?

Maliro akatha, misasa itaphwasulidwa, abale amakhala pansi kuti aone katundu wa malemu. Pa nthawi imeneyi pali cinthu cimodzi cimene kawirikawiri cimatuluka pansi pa bedi kapena kuseri kwa citseko, citakulungidwa m'ciguduli: mfuti ya atate. M'midzi ndi m'mafamu a boma la Chongwe, kuyambira ku Kasisi kufikira ku Chalimbana ndi ku Kanakantapa, mfuti yotere si yacilendo. Inagulidwa kale, mwina ndi ndalama za penshoni kapena za cimanga ca caka cabwino, kuti izipirikitsa nguluwe ndi anyani m'munda. Tsopano mwini wake wagona, mwana amene akuifuna ali ku Kitwe kapena ku Chipata, ndipo wina pabwalo afunsa kuti: "Bwanji osangoikulunga bwino ndi kuitumiza pa positi, kapena kupatsira kondakitala wa basi?"

Funso limeneli limamveka laling'ono, koma lingathe kuika banja limene likali kulira m'mlandu waukulu. Ncifukwa cake taona kuti nkoyenera kulongosolera awerengi athu zimene lamulo likunena.

Laisensi ndi ya munthu mmodzi

Lamulo la mfuti m'Zambia linapangidwa mu 1969, ndipo m'mabuku a malamulo a dziko lino lili pa Mutu 110. Tsinde lake ndi ili: munthu asagule, asalandire, ndiponso asasunge mfuti kapena zipolopolo ngati alibe laisensi. Laisensiyo imalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, ndipo imachula mtundu wa mfutiyo pamodzi ndi nambala imene inadindidwa pa citsulo cake. Mwini akamwalira, laisensi yake siyenda ndi mfuti kupita kwa mwana monga m'mene khasu limayendera ndi mpini wake. Mwana amene watenga mfuti ya atate ake ndi kabuku ka laisensi ka atatewo, pamaso pa lamulo ali ngati munthu wopanda pepala lililonse, ndipo cilango ca mlandu umenewu cingathe kufika zaka 15 m'ndende. Ngakhale gogodera wa agogo, uja wothira onga kukamwa, lamulo limamuwerenga kuti ndi mfuti.

Wofuna laisensi ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kupitirira. Amayambira ku polisi ya kumene akhala. Kumeneko amalemba mafomu, amamudinda zala, amafufuza mbiri yake, ndipo ayenera kuonetsa kuti adziwa kugwira mfuti mosaika anzake pangozi. Mapepala amapita ku kaundula wamkulu wa mfuti ku likulu la apolisi mu Lusaka. Apolisi akavomereza, ndi pamene khonsolo imapereka laisensi, ndipo laisensiyo imakonzedwanso pakapita zaka zitatu zilizonse. Njirayi ndi yaitali ndithu, ndipo ambiri amadandaula nayo. Koma tisaiwale kuti Mpingo nawonso, mu Katekisimu wamkulu amene Papa Yohane Paulo Waciwiri anatulutsa mu 1992, umaphunzitsa kuti boma lili ndi mphamvu ndiponso udindo woyang'anira kapangidwe ndi kagulitsidwe ka zida, popeza zimakhudza ubwino wa anthu onse.

Phukusi limene linafika ku Dallas

Acinyamata ena amawerenga pa intaneti kuti ku America anthu amatumizirana mfuti pa positi, naganiza kuti kuno nako nciimodzimodzi. Ndi zoona kuti kumeneko munthu angathe kutumiza mfuti yaitali yosakira nyama, yopanda cipolopolo m'kati, kwa wogulitsa mfuti wokhala ndi cilolezo ca boma. Koma zipolopolo positi ya kumeneko siilandira konse, ndipo mbiri ya lamulo lawo ili ndi magazi.

Mu Malichi 1963, munthu wina dzina lake Lee Harvey Oswald anadula kapepala ka malonda m'magazini, nalemba dzina labodza, naitanitsa mfuti yakale ya asilikali a ku Italy kucokera ku sitolo ina ya ku Chicago. Mtengo wake unali madola 19.95. Mfutiyo inafika pa positi ofesi ya ku Dallas monga phukusi lina lililonse, ndipo panalibe amene anaona nkhope ya wogula asanamugulitse. Pa 22 Novembala caka comweco, Pulezidenti John F. Kennedy, Mkatolika woyamba kulamulira dziko la America, anaomberedwa mu mzinda womwewo wa Dallas, ndipo bungwe limene boma linaika kuti lifufuze za imfayo linapeza kuti mfuti yake inali yomweyo. Mu 1968, Martin Luther King ndi Robert Kennedy ataphedwanso, aphungu a kumeneko anakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa mfuti kwa munthu wamba kudzera pa positi cabe.

Bvuto la positi ndi lomwelo kulikonse. Phukusi limadutsa m'manja ambiri, limagona m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo amene walitumiza saona amene walitsegula. Zampost, imene inayamba kuima payokha mu 1994 pamene bungwe la PTC linagawidwa pawiri, ili pansi pa mapangano a Universal Postal Union, bungwe la mapositi a maiko onse, ndipo mapanganowo amaletsa zinthu zophulika m'makalata ndi m'maphukusi. Zipolopolo ndi onga zili m'gulu limeneli. Kunena za mfuti yeniyeniyo, uphungu wathu ndi wakuti musapite nayo pa kauntala ya positi kapena ya kampani yonyamula maphukusi musanalankhule ndi apolisi ndi kulandira mau ao olembedwa. Koposa zonse, musayese kubisa mwa kulemba pa phukusi kuti "zitsulo za njinga". Bodza lotere limaonjezera mlandu pa mlandu, ndipo limaika pangozi wanchito wosalakwa amene wanyamula katundu wosamudziwa.

Nanga basi? Pamenepa mpomwe ambiri amagwera, cifukwa tinazolowera kupatsira kondakitala thumba la mbatata kapena nkhuku, ndi kutumiza nambala yake ya foni kwa wolandira. Mfuti si mbatata. Pa mseu wa Great East pali malo amene apolisi amaimika magalimoto ndi kusecha. Akaipeza, woyamba kumangidwa ndi mnyamata uja amene munamupatsa kangacepe ka cakumwa, ndipo waciwiri ndinu. Ikasowa pa njira, nkhani imakula koposa, pakuti tsiku limene mbala idzaigwiritsa nchito, nambala ya pa citsulo idzalozera pa khomo panu.

Mfuti ya masiye

Tibwerere ku bwalo la maliro lija. Mwa mwambo wa Asoli, monganso wa Acewa ndi Ansenga, munthu amatsata mtundu wa amai ake, ndipo kale mfuti, nkhwangwa ndi mkondo wa malume zinkapita kwa muphwa wolowa dzina. Lamulo la cuma ca masiye la 1989 linasintha zimenezi. Munthu akamwalira osasiya wilo, katundu wa m'nyumba, kuphatikizapo zipangizo zosakira nyama, amakhala wa mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Pamenepa mikangano imabuka, ndipo a m'miphakati athu amene amathandiza pa maliro aidziwa bwino. Mfuti imakoka maso a amuna kuposa mbale ndi mipando, ndipo si bwino kuti ikhale m'nyumba m'mene anthu akukangana, ena atalawako kacasu.

Cinthu canzeru ndi kudziwitsa apolisi msanga, maliro asanathe nkomwe, kuti malemu anasiya mfuti. Pitani ndi kabuku ka laisensi ndi cikalata ca imfa, mfutiyo muisiye kunyumba itatsekeredwa, ndipo iwo adzakuuzani m'mene ingafikire kwa iwo kuti aisunge. Poipereka, onetsetsani kuti mwalandira pepala lolembedwa nambala ya mfuti, ciwerengero ca zipolopolo, tsiku, ndi dzina la wapolisi amene walandira. Pepala limeneli alisunge woyang'anira cuma ca masiye amene khoti lamuika. Banja likagwirizana za amene adzaitenga, munthuyo ayambe kufunsira laisensi yake ku polisi ya kumene akhala, ku Kitwe kapena ku Chipata konko. Mapepala akatuluka, abwere yekha kudzaitenga. Ndalama ya ulendo umodzi ndi yocepa poyerekeza ndi ya loya. Ngati palibe woyenera kapena woifuna, ingathe kugulitsidwa kudzera kwa wogulitsa mfuti wolembedwa ndi boma, ndalama zake nkuthandiza ana a sukulu. Kunena zoona, m'mabanja ambiri njira iyi ndiyo yabwino koposa, ngakhale kuti amalume ena sadzakondwa kuimva.

Wogulitsa mfuti yake akali moyo atsate zomwezo. Asapereke mfuti cifukwa cakuti wogula walipira, kapena cifukwa ndi mnzake wa mu kwaya. Aone ndi maso ake mapepala a wogulayo, ndipo kusintha kwa dzina kulembedwe ku polisi.

Pa ulendo

Tsono mwini watsopano ali ndi laisensi, ndipo afuna kupita nayo kwao. Asananyamuke acotse zipolopolo zonse, ayang'ane m'kati mwa mpope kawiri, ndipo ngati mfutiyo ili ndi citsulo cokokera cimene cimacoka, acicotse ndi kucisunga padera. Mfuti ilowe m'cikwama cake kapena m'bokosi lokhoma, zipolopolo zikhale m'cikwama cina. Kabuku ka laisensi ndi citupa zikhale m'thumba la malaya, osati pansi pa katundu. Galimoto ya mwini kapena ya mbale iposa basi. Woyenda pa basi ayambe wafunsa eni ake, cifukwa ali ndi ufulu wokana. Pa malo osecha, auze wapolisi ndi pakamwa kuti wanyamula mfuti yokhala ndi laisensi, manja ake ali poonekera, asanayambe kutsegula ciliconse. Asaisiye m'galimoto pamene iye wapita kukadya nsima. Ikabedwa kapena kutayika, akanene ku polisi tsiku lomwelo.

Laisensi ya mfuti si cilolezo cosakira nyama. Cimeneco cimacokera ku dipatimenti yoona za nyama za kuthengo, imene likulu lake lili ku Chilanga, motsata lamulo la 2015. Anthu a kuno ayenera kusamala kwambiri pa mfundoyi, popeza nkhalango yosungirako nyama ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa mu 1983, siili kutali, ndipo wogwidwa akusaka popanda cilolezo amataya ufulu wake ndi mfuti yomwe.

Ana athu amene ali ku Johannesburg kapena ku London nawonso nthawi zina amafuna kutumizira makolo mfuti ya pa famu. Pamenepa pafunika zilolezo za mbali ziwiri: cotulutsira mfuti m'dziko limene ili, ndi colowetsera m'Zambia, cimene cimafunsidwa kwa apolisi mfutiyo isananyamuke. Maiko a SADC anasainirana pangano la kayendetsedwe ka mfuti ku Blantyre mu 2001, ndipo a kasitomu pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene lili m'boma lathu lomwe lino, sapereka mfuti kwa munthu wopanda mapepala. Nchito yotere ndi bwino kuisiya m'manja mwa wogulitsa mfuti wolembedwa.

Patsala mtundu wina wa mfuti: zija zimene sizinalembedwepo. Akuluakulu a kuno akumbukira zaka za nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, pamene omenyera ufulu anali ndi misasa m'madera ozungulira Lusaka, ndiponso Novembala wa 1979 pamene asilikali a Rhodesia anaphulitsa mlatho wa Chongwe. Zida zina za nthawi imeneyo zinatsalira m'manja mwa anthu. Mfuti ya nkhondo munthu wamba sangaipezere laisensi, ndipo kuitumiza kwa mbale ndi kungosamutsa tsoka. Kuyambira mu 2017, bungwe la African Union linapatula mwezi wa Seputembala kuti anthu azipereka zida zotere kwa boma popanda kuimbidwa mlandu. Amene wapeza cotere m'denga kapena m'nkhokwe ya malemu asacinyamule. Apite ku polisi cimanjamanja, ndipo ngati acita mantha, apemphe a nyakwawa kapena bambo mfumu wa parishi kuti amuperekeze.